BATIRE IMAFA NDI NJALA: PHUNZIRO LA SOLA

Anzanga, sabata ino pakhoma pathu tikambe za batire ndi sola. Tiyambire kwa alendo amene amafika ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay pa zigalimoto zokhala ndi bedi, firiji ndi pophikira momwemo, zija amati camper. Galimoto yotere imakhala ndi mabatire awiri: imodzi yolizira injini, inayo ya magetsi a m'kati. Eni ake ambiri amayenda nayo pa holide pokha, kenako imangoima pakhomo miyezi. Tsiku lonyamukanso amapeza batire yafa, chonsecho palibe amaigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake amaika sola padenga la galimotoyo kuti batire izidya tsiku lililonse.

Batire zambiri za m'galimotozi ndi mtundu womwewo umene kumudzi timayatsira mababu, kutchajira mafoni ndi kuonetsera vidiyo. Ndiye phunziro lawo ndi lathunso. Ikafa pakhomo, ndi matumba a chimanga amene amagulitsidwa kuti ibwere ina, ndipo ife owerenga usiku timabwerera ku koloboyi.

Chimachitika n'chiyani m'katimo?

Batire ya mtovu ndi asidi anaitulukira ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859. Ya 12V ili ndi zipinda 6, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1V. Ikamagwira ntchito, asidi amagwirana ndi mtovu n'kupanga timibulu ta lead sulphate pa mapuleti. Mukaitchaja msanga, timibuluto timasungunuka. Koma ikagona masiku ambiri ilibe moto, timauma gwa, osasungunukanso. Batire yotero imaoneka ngati yadzaza msanga, koma ola limodzi yatha. Komanso batire imadzithera yokha moto pang'onopang'ono ngakhale itangokhala, makamaka pamalo potentha.

Iyezeni ndi multimeter itapuma maola angapo:
12.6V kapena 12.7V: yadzaza.
12.2V: yafika pa theka. Zimitsani zinthu.
12.0V kutsika m'munsi: mukuipha.

Tiwerengere limodzi

Batire ya 100Ah imasunga 100 × 12 = 1,200Wh. Koma lamulo ndi lakuti tidye theka lokha, ndiye zathu ndi 600Wh. Sola ya 100W ikalandira dzuwa lamphamvu maola 5, pa pepala ndi 500Wh, koma ina imatayika m'mawaya ndi potchaja, ndiye tinene kuti 350Wh. Tsopano onani: mababu 3 a 5W kwa maola 5 ndi 75Wh, TV ya 40W kwa maola 4 ndi 160Wh, zonse 235Wh. Apa sola ikubweza zonse zimene tadya. Koma achimwene akaonjezera sipika zija za 100W kwa maola 3, zafika 535Wh. Sola ikubweza 350 yokha, ngongole ya 185 tsiku lililonse. Sabata isanathe batire ili pansi, ndipo siidzazanso.

Malamulo 6 osunga batire

1. Osalumikiza sola ku batire mwachindunji. Sola yolembedwa 12V imatha kutulutsa 18V mpaka kuposa 20V. Pakati pakhale kontirola, imene imatchaja mpaka cha m'ma 14.4V kenako n'kutsitsa. Popanda iyo madzi amawira n'kuuma. Polumikiza, yambani batire ku kontirola, sola pambuyo.

2. Sola iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono, chifukwa Malawi ali kum'mwera kwa equator. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umadula mphamvu yambiri. Fumbi ndi zitosi za mbalame pukutani m'mawa ndi kansalu konyowa.

3. Ngati batire ndi yotsegula, suzumirani madzi mwezi uliwonse. Mapuleti asaonekere. Thirani madzi a batire ogula okhaokha, chifukwa a pamjigo ali ndi mchere umene umaononga. Osaonjezera asidi: chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsalira momwemo.

4. Pamitu pakamera zoyera zija, tsukani ndi soda wophikira therere wosungunula m'madzi, koma asalowe m'zipinda. Mukaumitsa n'kumanga, pakani Vaseline.

5. Batire ikamatchaja imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika. Ikhale podutsa mphepo, kutali ndi kandulo, mbaula ndi fodya wa agogo. Ana asaigwire, asidi amaotcha.

6. Nthawi ya mvula ndi ya chiperoni dzuwa limachepa. Chepetsani TV kuti batire izidzaza ndithu kamodzi pa sabata. Mukachoka pakhomo, zimitsani zonse koma sola muisiye yolumikiza, monga amachitira a camper aja.

Chomaliza: batire yolizira galimoto ili ndi mapuleti opyapyala, siipirira kutha moto kawirikawiri. Ya sola ndi yolembedwa deep cycle. Awuzeni makolo asanapite kukagula.

Funso la sabata ino: batire ya 70Ah ingayatse mababu 4 a 5W kwa maola angati isanapitirire theka? A Fomu 2, JCE yayandikira, bwerani ndi mayankho Lachisanu.