Lembani Mayina Kuseri kwa Zithunzi

Ana anga a ku Nsadzo, khalani pansi mundimve. Mumajambulana tsiku lililonse, koma simusunga kanthu. Foni ikagwera m'madzi, zonse zapita. Ikabedwa pamsika, zonse zapita. Memori khadi ikafa, zaka zanu zafera momwemo.

Ife chithunzi tinkachipeza movutikira. Wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili m'khosi, nthawi ya Khrisimasi kapena Chaka Chatsopano. Tinkadzola mafuta, kubwereka nsapato, n'kuima chilili osaphethira. Filimu inkapita kutauni kukatsukidwa, ife n'kudikira milungu. Chithunzi chikabwera, chinkayenda khomo ndi khomo chisanalowe mu alubamu.

Ndiye kunadza nkhondo kuno ku Mozambique. Anthu a m'dera lino la Chifunde anathawira ku Zambia, ambiri n'kukakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke. Ena analowera ku Malawi. Munthu wothawa amanyamula mwana ndi mphika basi. Nyumba zinapsa ndi zonse zimene zinali m'katimo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri anabwerera opanda chithunzi ngakhale chimodzi cha abale amene anawaika m'manda. Mayi anga anapulumutsako zochepa. Anazikulunga m'pulasitiki, n'kuzimangirira m'chitenje m'chiuno.

Ine ndinazinyozera. Madzulo mayi ankatulutsa zithunzizo n'kundiitana kuti, "Bwera, mwanawe, ndikuuze awa ndi ndani." Ine ndinkati, "Mawa, amayi." Ndinkathamangira kumpira. Ndinkathamangira anzanga. Chakudza sichiimba ng'oma: mayi anapita, mayina onse anapita nawo.

Kupusa kwanga sikunathere pamenepo. Alubamu ya zithunzizo ndinaiika m'katoni pansi pa kama, m'nyumba yodontha. Dzinja litatha ndinapeza masamba atamatana, chiswe chitadya nkhope ya agogo anga aakazi, kutsala duku ndi manja okha.

Mwa zotsalazo muli chimodzi cha bambo wovala jekete yaikulu, ataima pafupi ndi mlatho wa pa Zambezi mumzinda wa Tete, dzanja lili paphewa la mayi anga ali mtsikana. Mphumi ya bamboyo ndi yofanana ndi yanga. Ndi malume anga? Ndi msuweni wa mayi? Mdzukulu wanga akandifunsa, ndimangoweramitsa mutu. Ife Achewa mtundu timauwerenga kuchikazi. Wosadziwa abale a mayi ake wataya mbumba. Wataya womuimirira pamlandu, pamaliro ndi pankhani ya munda. Limenelo ndiye dipo limene ndikulipira mpaka lero.

Tsono inu musabwereze zimenezi. Nthawi mukadali nayo.

Mukapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, mu Ogasiti, kumene Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakumana pamaso pa Kalonga Gawa Undi, musamangojambula nkhope zanu zokha. Jambulani agogo amene mwapita nawo. Jambulani azakhali amene mwakumana nawo patapita zaka. Mukagulitsa fodya kapena chimanga, patulani kandalama mutsukitse zithunzi zingapo papepala. Pepala silifuna batire. Pepala silifuna netiweki.

Mukatsukitsa, lembani kuseri ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera: dzina, ubale, malo, chaka. Lembani tsiku lomwelo. Alubamu musaiike pansi. Ikhale m'sutikesi, pamwamba, kutali ndi chinyontho. Zithunzi zakale zijambuleninso ndi foni, mutumizire achimwene ndi achemwali anu amene ali ku Lusaka kapena ku Johannesburg, kuti moto ukagwa panyumba imodzi, banja lonse lisafufutike.

Koposa zonse, funsani. Funsani akuluakulu akadali ndi mpweya. Khalani nawo pamkeka, muwapatse chithunzi m'manja, mukhale chete. Adzakuuzani za njira imene anadzera pothawa, za ukwati, za njala, za amene sanabwerere. Zimenezi simudzazipeza pa Facebook.

Mawu a akulu akoma akagonera, koma musadikire kuti agonere. Pitani kwa agogo anu lero, pensulo ili m'manja.