Ndege Yoponya Mabomba ndi Ndege Yosaka Inzake: Zimasiyana Pati?

M'mabuku a mbiri yakale, pamutu wa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, timakumana ndi mawu awiri a Chingerezi: bomber ndi fighter. Ambiri timangoti zonsezo ndi "ndege zankhondo", n'kupitirira. Koma ife amene tikukonzekera uphunzitsi, tsiku lina mwana wa Fomu 4 adzakweza mkono n'kufunsa kusiyana kwake. Tikadzalephera kuyankha, nkhondo ya mumlengalenga mwa Britain mu 1940 idzangokhala mayina oloweza.

Ntchito ndiyo imasiyanitsa

Bomber cholinga chake chili pansi: milatho, njanji, mafakitale, misasa ya asilikali, ngakhale mizinda. Fighter cholinga chake chili m'mwamba: kugwetsa ndege za adani ndi kuteteza ndege za kwawo. Kusiyana kwina konse kumachokera pamenepa.

Wokulira ku Golomoti amadziwa mmene lole yodzaza chimanga imakwerera msewu wa Khwekhwerere, ikubuula, osatha kutembenuka msanga. Bomber ili choncho. Imanyamula katundu wolemera ndi mafuta a ulendo wautali, motero imakhala yaikulu. Avro Lancaster ya Britain inali ndi mainjini anayi ndi anthu asanu ndi awiri: woyendetsa, woyang'anira mainjini, wolondola njira, woponya mabomba, wa wailesi, ndi owombera mfuti awiri. Mfuti zake zinali zongodzitetezera.

Fighter ikunga nthengu, kambalame kakang'ono kamene kamathamangitsa kabawi pamwamba pa mudzi. Spitfire inali ndi injini imodzi ndi munthu mmodzi, ndipo mtundu wake woyamba unali ndi mfuti zisanu ndi zitatu m'mapiko, zonse zoloza kutsogolo. Pofuna kuwombera, woyendetsa ankalozetsa ndege yonse kwa mdani. Mphamvu yake inali liwiro ndi kutembenuka, koma mafuta ankaithera msanga.

Chifukwa chake zimayenda limodzi

Bomber yopanda woiperekeza ndi nyama ya fighter. Mu 1940 ndege za Germany za Heinkel He 111 zinkaperekezedwa ndi Messerschmitt Bf 109, koma zoperekezazo zikafika ku London zinkatsala ndi mafuta a mphindi zochepa, n'kubwerera. Mu 1943 America nayo inataya ma B-17 ambiri m'kati mwa Germany, mpaka itabwera P-51 Mustang imene inkatha kuwaperekeza ulendo wonse.

Agogo athu anaziona ndi maso. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili ku Zomba, anamenya nkhondo ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, kumene Italy inali ndi ndege zoponya mabomba za Caproni ndi zosaka zinzake za Fiat CR.42. Kwa msilikali wa m'ngalande, kuzindikira mtundu wa ndege kunali nkhani ya moyo ndi imfa.

Chitsanzo cha pafupi ndi kwathu

Pa 23 November 1977 boma la Ian Smith la Rhodesia linaukira misasa ya ZANLA ku Chimoio m'dziko la Mozambique, ndipo patapita masiku awiri linaukira Tembue m'chigawo cha Tete. Linagwiritsa ntchito Canberra, bomber ya mainjini awiri, pamodzi ndi Hawker Hunter ya munthu mmodzi ndi mizinga inayi. Pa 19 October 1978 ndege zomwezi zinaphulitsa msasa wa ZIPRA ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Mtsogoleri wa ma Canberra anachenjeza nsanja ya bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege yankhondo ya Zambia ikangonyamuka iwomberedwa. Apa ntchito ziwirizi zikuoneka poyera: ina kutseka thambo, ina kuwononga pansi.

Koma onani kuti ma Hunter nawonso ankawombera pansi ndi kuponya mabomba. Ndege zambiri za masiku ano, monga F-16, zimagwira ntchito zonse ziwiri. Choncho pophunzitsa, musayambe ndi maonekedwe. Yambani ndi funso lakuti: ndegeyi yatumidwa kukachita chiyani?

Mphunzitsi asaiwale za pansi

N'zosavuta kutengeka ndi liwiro ndi mainjini. Koma ku Chimoio, pakati pa akufa panali amayi ndi ana. Ku Hiroshima, pa 6 August 1945, B-29 imodzi ndi bomba limodzi zinapha anthu zikwi makumimakumi. Woponya bomba saona nkhope ya amene akumupha. Chaka chomwecho ku Okinawa, Desmond Doss, Mwadiventi amene anakana kugwira mfuti, anatsitsa paphompho asilikali ovulala pafupifupi 75, mmodzimmodzi. Iye ankaona nkhope iliyonse. Ana athu amve nkhani zonse ziwiri m'phunziro limodzi.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zitatu zosiyanitsa Lancaster ndi Spitfire, ndipo fotokozani mmene chilichonse chikuchokera pa ntchito ya ndegeyo.
2. N'chifukwa chiyani kuchepa kwa mafuta a Bf 109 kunavutitsa ma He 111?
3. Mungaphunzitse bwanji mutuwu mosatamanda nkhondo, komanso mosabisa choonadi?