ZA ZINTHU ZONGA ZITSULO

Zinthu zonse za pa dziko lapansi, kaya madzi, kaya mwala, kaya thupi la munthu, zipangidwa ndi zinthu zoyamba zowerengeka, zimene anzeru azicha maelementi. Elementi ndico cinthu cosatheka kuciphwanya ndi moto kapena ndi mankhwala kuti cisanduke zinthu zina. Maelementi odziwika lero ali 118.

Ambiri a iwo ndiwo zitsulo, monga citsulo ca khasu, mkuwa, siliva ndi golidi. Citsulo cinyezimira, wosula akacimenya ndi nyundo cipindika osasweka, ndipo kutentha ndi mphamvu ya magetsi zipita m'menemo msanga. Ena sali zitsulo konse, monga sulfure, kaboni wa m'makala, ndi okosijeni wa mu mpweya umene anthu apuma.

Koma pakati pa mitundu iwiri iyi pali kagulu kakang'ono konga mleme, umene uuluka ngati mbalame koma uyamwitsa ana ace ngati mbewa. Maelementi a m'kagulu aka achedwa mametaloidi, ndiko kunena onga zitsulo. Anzeru ambiri awerenga 6: boron, silicon, germanium, arsenic, antimony ndi tellurium. Maonekedwe ao afanana ndi citsulo, koma akamenyedwa ndi nyundo asweka ngati phale. Ndipo magetsi apita mwa iwo pang'ono pokha.

M'caka ca 1869 Dmitri Mendeleev, mphunzitsi wa ku Russia, anandandalika maelementi m'mizere monga mwa kulemera kwao ndi makhalidwe ao. Kunsi kwa silicon anasiya malo opanda kanthu, nanena kuti mwini malowo adzapezeka. Ndipo kunatero: m'caka ca 1886 Clemens Winkler anampeza m'mwala wa ku Germany, namucha germanium. Pa ndandanda wa masiku ano zitsulo ziri kumanzere, zosakhala zitsulo ziri kudzanja lamanja, ndipo mametaloidi akhala pamalire, motsetsereka ngati makwerero.

Wocuruka mwa iwo ndiye silicon. Mcenga woyera wa m'mbali mwa nyanja ndiwo silicon wogwirana ndi okosijeni, ndipo anthu ausungunula napanga nao galasi. Amisiri akayeretsa silicon ndi kuthiramo boron kapena arsenic pang'ono ndithu, akhoza kulamulira magetsi, kuti apite kapena aime, monga mlimi atsegula ndi kutseka ngalande ya kudimba. Kacipangizo koyamba kotere, kochedwa transistor, kanapangidwa ndi germanium ku America m'caka ca 1947. Lero silicon ali m'wailesi, m'foni, ndi m'magalasi a padenga amene asandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi.

Komatu arsenic ndi ululu wakupha. M'madzi saoneka, sanunkha, ndipo lilime silimumva. Ku Bangladesh anthu anakumba zitsime zambiri pothawa madzi oipa a m'maiwe. Koma m'zaka za m'ma 1990 kunadziwika kuti m'zitsime zambiri munali arsenic wocokera m'nthaka, ndipo anthu ocuruka anadwala nthenda za pakhungu ndi khansa. Cifukwa cace citsime catsopano ciyenera kuyesedwa ndi odziwa, pakuti si madzi onse oyera amene ali abwino kumwa.

MAFUNSO
1. Kodi metaloidi asiyana bwanji ndi citsulo ca khasu?
2. Mendeleev anasiyiranji malo opanda kanthu?
3. Chulani nchito ziwiri za silicon.