Kukaona Miyambo ya ku Japan: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mlendo ayambire kuti?

Ayambire ku Kyoto. Mzindawu unali likulu la dziko kwa zaka zoposa 1,000 kuyambira mu 794. Kuchokera ku Tokyo, sitima ya Shinkansen imayenda maola awiri ndi mphindi zingapo basi.

Ndi mwezi uti wabwino kupitako?

Ambiri amathamangira mwezi wa Epulo kukaona maluwa a sakura, koma ine ndingasankhe Julayi, ngakhale kumatentha koopsa, chifukwa cha chikondwerero cha Gion Matsuri. Chinayamba mu 869 pamene anthu ankapembedzera milungu kuti mliri uthe. Pa 17 ndi pa 24 Julayi amakoka zingolo zamatabwa m'misewu, zina zotalika mamita 25 ndipo zolemera matani 12.

Fikani kukadali masiku angapo kuti mukaone amisiri akuzimanga. Sakhoma msomali ngakhale umodzi, amangolumikiza mitengo ndi zingwe. Pa tsiku lenilenilo kaimeni pamphambano. Mawilo a zingolozi sakhota, choncho amuna amayala nsungwi zong'amba pansi, kuzithira madzi, kenako n'kukoka onse pamodzi mpaka chingolo chitaterereka n'kuloza msewu wina, oimba zitoliro ndi ng'oma ali pamwamba. Luso limeneli aliphunzira kwa makolo awo, ndipo kwa ine ndi limene liyenera ulendo wonsewo.

Kodi nyumba zakale za ku Japan ndi zakaledi?

Zina inde. Kachisi wa Horyu-ji kufupi ndi Nara ali ndi nyumba zamatabwa zimene zaima zaka pafupifupi 1,300. Koma kachisi wolemekezeka kwambiri wa chipembedzo cha Shinto, wa ku Ise, amamangidwanso zaka 20 zilizonse pamalo oyandikana nawo, wakale n'kuphwasulidwa. Anamumanga komaliza mu 2013, ndipo adzamumanganso mu 2033. Wina angati n'kuwononga mitengo. Ayi ndithu: mmisiri amene anali wophunzira pomanga koyamba amakhala katswiri pomanga kachiwiri, ndipo pomanga kachitatu ndiye amalangiza achinyamata kapalidwe ka mtengo wa hinoki ndi kafoleredwe ka udzu. Matabwa akalewo amawatumiza ku makachisi ena.

Nanga mwambo wa tiyi ndi wotani?

Wolandira alendo amatakasa tiyi waufa wobiriwira ndi kachipangizo kansungwi, inu mukuonerera mwakachetechete. Mumayamba mwadya kotsekemera chifukwa tiyiyo ndi wowawa, ndipo musanamwe mumatembenuza mbale yomweramo pang'ono posonyeza ulemu. Amene anakhazikitsa kachitidweka ndi Sen no Rikyu, yemwe anamwalira mu 1591. Nyumba za tiyi zotsatira nzeru zake zimakhala ndi kakhomo kakang'ono, moti ngakhale munthu waudindo amalowa chokwawa.

Kodi mlendo apewe chiyani?

Vulani nsapato musanaponde mphasa za tatami. Ku akasupe amadzi otentha, otchedwa onsen, sambani kaye ndi sopo pambali musanalowe m'dziwe. Pakudya, musazike timitengo todyera mumpunga, chifukwa amatero pamaliro.

Ndipo mukakumana ndi geiko m'dera la Gion ku Kyoto, mayi wovala kimono amene waphunzira kuvina ndi kuimba kwa zaka zambiri, mpatseni njira. Akupita kuntchito. Alendo ena ankathamangitsa amayi oterewa ndi makamera mpaka kuwakoka zovala, moti mu 2019 eni dera analetsa kujambula m'tinjira tina, ndipo wophwanya lamuloli amalipira chindapusa cha mayeni 10,000.