Sukulu ya m'mudzi mwanu inachokera kuti?

Amayi, sukulu zambiri zakumudzi zinayambira m'zisakasa zaudzu. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, anatsegula timasukulu m'midzi yozungulira mishoni. Kawirikawiri mphunzitsi anali katekisiti yemweyo, wophunzitsa katekisimu ndi kuwerenga. Ana okhoza ankakapitiriza ku mishoni.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anachepa, ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo. Abambo anaumba njerwa, amayi n'kumatunga madzi ndi kututa mchenga.

Koma musanyengeke ndi Sitandade 1, komwe ana amadzaza mpaka pakhomo. Kawerengeni atsikana a mu Sitandade 8. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, kaya makolo onse anamva zimenezi? Sabata ino kumanani ndi ahedi, mudziwe atsikana amene asiya chaka chino. Kenaka gawanani makomo m'miphakati yanu, mukacheze ndi makolo awo.