Kodi tabuleti ingakulondolereni njira panyanja?

Alimi ndi asodzi anzanga, sabata ino tisiye kaye za fetereza ndi mbewu, titsikire kunyanja. Ambiri a inu a m'maboma a Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga mumagwira khasu m'mawa, usiku nkukagwiranso nkhafi, choncho nkhaniyi si mlendo patsamba lino.

Chandiputa ndi funso limene anandifunsa bambo ena a ku Nkhotakota, mlimi wa mpunga amenenso ali ndi boti la injini. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira tabuleti, osati yakumwa ija ayi, koma chipangizo chonga foni yaikulu, nawauza kuti za kusochera panyanja zatha. Ali kumtunda, pamalo ena pamene pali Wi-Fi, kadontho kabuluu ka pamapu kankaloza ndendende pamene iwo aima. Atangolowa panyanja kadontho kaja kanakanirira kumtunda osasunthanso. Ndiye anandifunsa kuti: "Alangizi, kodi chinthuchi chafa, kapena mwana wanga anamugulitsa chabodza?"

Sichinafe, ndipo si chabodza. Tabuleti yawoyo ilibe GPS basi. Ambiri amayesa kuti tabuleti iliyonse ili nayo. Si choncho, ndipo munthu woyenda pamadzi ayenera kudziwa zimenezi asanachotse boti padoko.

GPS nchiyani?

Kumwambaku, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuli masetilaiti a dziko la America amene amazungulira dziko lapansi kawiri patsiku. Anakonza kuti asamachepere 24, koma amene akugwira ntchito masiku ano ndi pafupifupi 30. Iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwabasi, ndipo usana ndi usiku imaulutsa uthenga wonena pamene ili ndi nthawi imene uthengawo wanyamuka. Kachipangizo ka GPS ka mu foni kapena tabuleti kamamva uthengawo, nkuwerengera kuti watenga nthawi yotani panjira. Poti uthengawu umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, nthawiyo imaulula kutalika kwa mtunda. Kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, kamadziwa pamene inu muli.

Nzofanana ndi zimene makolo athu akhala akuchita. Msodzi akafuna chirundu cha utaka amayang'ana phiri lakuti lilunjikane ndi mtengo wakuti, kwinaku chilumba chilunjikane ndi thanthwe lakuti, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pomwepo. Kusiyana kwake nkwakuti mapiri a GPS ali kumwamba, ndipo sabisika ndi mdima, chifunga kapena utsi wa moto wa m'tchire.

Apa gwirani mfundo imene ambiri imawaphonya. GPS imangomvera, monga wailesi ya m'nyumba. Sidya mayunitsi, sifuna bandulo, sifunanso netiweki. Pakati panyanja pamene foni yasiya kuimba, GPS imagwirabe ntchito, ndipotu bwino kuposa m'tauni chifukwa palibe nyumba kapena mitengo yotchinga thambo.

Kale asilikali a ku America ankasokoneza dala uthengawu kuti anthu wamba aziphonya ndi mamita okwana ngati 100. Anasiya zimenezi mu Meyi 2000, pa ulamuliro wa Bill Clinton. Lero foni yabwino pamalo poyera imaphonya ndi mamita 5 mpaka 10 okha. Maiko ena anaponyanso masetilaiti awo: GLONASS ya Russia, Galileo ya maiko a ku Ulaya ndi BeiDou ya China. Zipangizo zambiri zatsopano zimamvera onsewa pamodzi.

Ili nayo ndi iti, ilibe ndi iti?

Tiyambe ndi iPad ya kampani ya Apple, poti ndiyo imene bambo aja analandira. Imapangidwa mitundu iwiri. Yolembedwa kuti Wi-Fi yokha ilibe GPS, ngakhale ikhale yatsopano kapena yodula chotani. Yolembedwa kuti Wi-Fi + Cellular, ndiye kuti yotha kulumikizana ndi netiweki ya mafoni, ili nayo. Simukakamizidwa kuikamo SIM khadi kuti GPS igwire ntchito. Chofunika nchakuti ikhale ya mtundu umenewo basi. Pofuna kuizindikira, onani ngati m'mbali mwake muli polowetsa SIM khadi. Zina zatsopano zilibe polowetsapo, ndiye lowani mu Settings, kenaka General, kenaka About. Mukapeza nambala yotchedwa IMEI, ndiye kuti ndi ya Cellular.

Matabuleti a Android ndi osakanikirana. Ambiri a Samsung Galaxy Tab ali ndi GPS ngakhale akhale a Wi-Fi yokha. Ambiri a Amazon Fire, amene amabwera otsika mtengo ndi katundu wa kaunjika, alibe. Awa opanda dzina lodziwika, ogulitsidwa pamsika ndi m'mabasi, musakhulupirire zolembedwa pakatoni kapena malumbiro a wogulitsa. Yesani nokha. Kunena za mafoni a m'manja amakonowa, pafupifupi onse ali nayo.

Nanga kadontho kaja kankaloza bwanji molondola kumtunda, GPS mulibe? Tabuleti yotere imachita kuloza mwa mphekesera. Imamva Wi-Fi ya pafupi, nkufunsa pa intaneti kuti Wi-Fi imeneyo ili pati, ndiye nkukuikani pomwepo. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre simungaone kusiyana kwake. Panyanja palibe Wi-Fi, ndipo chinyengocho chimathera pamchenga. Ena amailumikiza ku intaneti ya foni yawo poyesa kuti yabwerekanso GPS. Ine sindingaike moyo wa alovi anga pa njira imeneyo.

Kayesedwe kake

Mayesowa achitike musanapereke ndalama. Wogulitsa akakana, msiyeni ndi katundu wake.

Pitani pabwalo la mpira, poyera, pamene thambo likuoneka mbali zonse. Zimitsani Wi-Fi ndi data, chotsani SIM khadi, koma Location ikhale yoyatsa. Pa Android pali timapulogalamu taulere monga GPS Test timene timaonetsa masetilaiti amene chipangizo chikumva. Ikani kamodzi mukadali pa intaneti. Mukatsegula dikirani ndithu, chifukwa popanda netiweki ulendo woyamba zimatha kutenga mphindi zingapo, mwina kupitirira 10. Netiweki imangothandiza kuti GPS idzuke msanga. Mukaona masetilaiti akuwerengedwa, ndipo nambala ya kaphonyedwe yatsika kufika pa mamita 10 kapena kucheperapo, chipangizocho nchabwino. Pa iPad tsegulani mapu, muyende, muone ngati kadontho kakuyenda nanu limodzi.

Musalekere pomwepo. Imani pagolo, sungani malowo, yendani mpaka kuseri kwa msika, kenaka muuze chipangizocho chikubwezereni pagolo paja. Bwerezani kangapo, ndipo tsiku lina muchite usiku. Munthu amene sangabwerere pagolo pamtunda pouma asayembekeze kupeza doko mafunde akumukhapa kumaso.

Mapu ndi nkhani ina

GPS imangopereka manambala a pamene muli. Chithunzi cha nyanja, zilumba ndi madoko chimachokera pa intaneti, ndipo netiweki ikatha mudzatsala ndi kadontho pa sikirini yopanda kanthu. Tsono mapu asungidwiretu m'chipangizo muli kumtunda. Google Maps imalola kutero, ndipo OsmAnd ndi Organic Maps anapangidwira ntchito yomweyi yoyenda popanda netiweki. Mudzalipira bandulo kamodzi kokha.

Koma dziwani kuti awa ndi mapu a misewu. Nyanja amangoipaka buluu, osanena kuti apa mpakuya, apa pali mwala wobisika, apo pali mchenga. Alipo mapulogalamu olipira a mapu a pamadzi monga Navionics. Musanalipire, onani kaye ngati dera lanu lajambulidwamo mokwanira. Ngakhale mapu abwino amakalamba. Mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri nkumiza nyumba ndi malo ambiri a m'mphepete ku Mangochi, ndipo miyala imene inkaoneka inabisala pansi pamadzi. Nyanja ya Chilwa nayo inaphwa mu 1995, niphwanso kwambiri mu 2018. Mapu sadziwa zimenezi.

Kwa ine mapu opambana ndi amene mulembe nokha. Tsiku la bata, masana, yendani ndi mkulu wodziwa nyanja. Sungani doko lanu poyamba, ndi madoko ena awiri kapena atatu othawirako mphepo. Sungani mwala uliwonse woopsa, chirundu chilichonse, ndi pamene mwatchera matchera. Malo alionse apatseni dzina lomveka. Yatsaninso mbali imene imajambula njira yomwe boti ladutsa, kuti pobwerera usiku muzingoponda m'mapazi mwanu momwe.

Phindu lake lili m'thumba. Tiyerekeze kuti ulendo uliwonse mumataya theka la ola kuzungulira kufunafuna matchera kapena chirundu. Mukapita kunyanja masiku 20 pamwezi, amenewo ndi maola 10 a injini kulira pachabe. Mukudziwa nokha malita amene injini yanu imamwa pa ola, ndiye chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero. Anzathu a chilimira amene amatsata usipa ndi nyali kutali, kumene magetsi a kumtunda saonekanso, ndiwo angapindule koposa.

Palinso za malamulo. Chigawo chapakati cha nyanja tinagawana ndi Mozambique, ndipo zilumba za Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a dzikolo. Pamadzi palibe mpanda kapena chikwangwani, koma mapu ambiri amaonetsa mzere wa malirewo. Ku Cape Maclear, m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park amene anakhazikitsidwa mu 1980, nkoletsedwa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera kumtunda. Poti GPS imaphonyako pang'ono, musamachite kukhudza malire. Siyani mpata wokwanira.

Chenjerani ndi manambala

Mukamauzana malo pafoni, pali msampha. Malo amalembedwa ndi manambala awiri: Monkey Bay ili cha pa madigiri 14 kumwera ndi pafupifupi madigiri 35 kum'mawa. Digiri imodzi yopita kumwera kapena kumpoto ndi makilomita pafupifupi 111, ndipo imagawidwa m'maminiti 60. Miniti imodzi ndi mamita 1,852. Zipangizo zina zimalemba madigiri ndi kadontho, zina madigiri ndi maminiti. Choncho 14.50 si madigiri 14 ndi maminiti 50 ayi, koma madigiri 14 ndi maminiti 30. Wosokoneza ziwirizi adzakusakani pamtunda wa makilomita 37 kuchokera pamene injini yakuferani. Asodzi a padoko limodzi mugwirizane kalembedwe kamodzi, ndipo malo ofunika muwalembenso m'kope losungidwa kunyumba.

Zimene GPS singachite

Siona nsomba. Chimenecho ndi chipangizo china choyeza pansi pamadzi. Siona boti la mnzanu lopanda nyali kapena ukonde umene uli kutsogolo. Boti likaima, muvi wa pamapu sukhulupirikanso kuti kutsogolo nkuti, choncho kampasi yapamanja musaisiye. Koposa zonse, GPS siletsa mwera. Nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 550, yotambalala mpaka 75, ndipo malo ena kuya kwake kumafika mamita 700. Mwera ukautsa mafunde kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kudziwa pamene muli sikupungula madzi m'boti. Sitima ya Vipya imene inamira kumpoto kwa nyanjayi mu Julayi 1946, nkupha anthu 145, sinasochere. Inagubuduzidwa ndi namondwe. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi muziwamvera monga kale, ndipo mantha anga ndi akuti anyamata ena akagwira chipangizochi ayamba kupita kutali kumene boti lawo ndi mafuta awo sizingakwanitse.

Tabuleti yokhayo nayo ndi yosalimba. Imadana ndi madzi, choncho iikeni m'thumba la pulasitiki lotsekeka bwino, lomangirira ndi chingwe ku boti. Ikakhala padzuwa la mu Okutobala imatentha nkuzima yokha, ndipo sikirini yake sioneka bwino masana. GPS ndi sikirini yowala zimadya batire mofulumira. Tengani power bank yodzaza, ndipo sikirini muziiyatsa pokhapokha mukufuna kuona njira. Ndikanakhala ine, ndalama ya tabuleti ndikanagulira foni yabwino ndi majekete oyandamitsa, chifukwa foni imalowa m'thumba ndipo ntchito ndi yomweyo. Tabuleti imangoposa pa kukula kwa mapu, zimene zimathandiza achikulire a maso ofooka.

Pongodutsa, alimi ena mukuyezera minda ndi GPS yomweyi. Pamunda waukulu ndi yabwino. Koma ekala imodzi ndi mamita pafupifupi 64 mulitali ndi 64 mulifupi, ndipo ikaphonya ndi mamita 5 mbali ziwirizo, mundawo uoneka ngati wakula ndi magawo 16 pa 100 alionse. Pakadimba gwiritsani chingwe.

Tibwerere kwa bambo a ku Nkhotakota aja. Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba, kugula kachipangizo ka GPS kapadera monga Garmin GLO kapena Bad Elf, kamene kamalumikizana ndi tabuleti kudzera pa Bluetooth. Kamagwira ntchito bwino, koma nkodula, nkovuta kukapeza kuno, ndiponso ndi batire lina lofuna kutchaja. Yachiwiri tinaipeza pomwepo: titayesa foni ya mmodzi wa alovi awo pamchenga, inamva masetilaiti ochuluka pasanathe mphindi ziwiri. Tinaikamo mapu, nkusunga doko lawo. Tabuleti ija inatsala kunyumba, ndipo akulemberamo matumba a mpunga ndi ngongole za mafuta.