Malangizo kwa Achinyamata a m'Mphepete mwa Nyanja

Inu amene mukutimvera kuchokera kwa Mponda, kwa Makanjira, ku Msaka ndi ku Chembe, tcherani khutu.

Ngakhale lamulo la dziko lino silikulolani kuponya voti kufikira mutakwanitsa zaka 18, musayese kuti unzika umagona tulo kudikira tsikulo, pakuti mmera mpoyamba. Mukafika zaka 16, pitani mukalembetse chiphaso cha unzika ku bungwe lolembetsa nzika la NRB, popeza ndi chomwecho chimene adzakufunsani polembetsa mavoti.

Koma ntchito yoposa ili pagombe pomwepo. Chambo chitayamba kuzilala m'nyanja ya Malombe, m'chaka cha 1993 boma linayamba kugawana udindo ndi asodzi kudzera m'makomiti a m'madoko, otchedwa BVC, chifukwa linazindikira kuti mutu umodzi susenza denga. Tsono inu, amene mumadzuka mbandakucha kukakoka makoka, amene mumaona ndi maso anu neti yotetezera udzudzu ikusesa tiana ta chambo tosafika ndi chala chomwe, ndiponso mumadziwa bwato limene limazembera m'madzi nyengo yotseka nyanja, muli mboni zoposa akuluakulu ambiri. Ndipo mboni ikakhala chete, nsomba zimene zikutha ndi za mawa lanu.

Chotero mfumu ikaitanitsa msonkhano, musatsalire pa bawo. Khalani pansi mwaulemu, yambani mwamvetsera, ndipo mpata ukapezeka pemphani mawu. Atsikana, nanunso bwalolo ndi lanu: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ndipo mnzanu akamakakamizidwa kusiya sukulu, kadziwitseni aphunzitsi kapena amfumu tsiku lomwelo.